Kamogi, Mwana wa Achimwene Anga

Chizungu changa ndi cha kukhichini. Sukulu ndinalekezera sitandade faivi, ndipo mawu achingerezi amene ndili nawo ndinawatola ndikusenda mbatatesi ndi kukwecha mapoto kunyumba ya masisiteri ku Guilleme, kumene ndinaphika zaka zambiri mpaka mawondo atakana. Ambiri mwa mawuwo ndi opanda mlandu: a mchere, a sopo, ouza munthu kuti afulumire. Koma lilipo liwu limodzi limene ndinatuluka nalo m'khichinimo n'kukalasa nalo mwana wa achimwene anga, mwana amene ankangofuna pokhala. Ndakalamba tsopano, abale, ndipo onse amene ankandinyengerera kuti si ine ndinalakwa anapita kale kumanda.

Mwa masisiteri onse aja, amodzi okha ndiwo anali a ku Mangalande. Anali anesi, aatali ngati mlongoti, a mapazi aakulu moti nsapato ankachita kuitanitsa kwawo. Chichewa ankachilankhula mothyokathyoka koma mopanda manyazi. Iwowa ndiwo ankasamala amphaka a pamishonipo. Amphakawo anali a ntchito, chifukwa kuseri kwa khichini kunali chipinda chosungiramo chimanga ndi mtedza, ndipo makoswe a mmenemo anali onenepa kuposa ife antchito. Asisiteriwo akamachokera kuchipatala ankayamba adutsira kukhomo lakuseri, n'kunjuta, n'kumawaitana ndi liwu limene ine sindinalimvepo kusukulu. Ankati mogi.

Tsiku lina ndikukanda ufa wa buledi ndinawafunsa ngati limenelo linali dzina la mphaka wamawangamawanga amene ankakonda kugona pa thumba la makala. Anati ayi, onsewo ndi amogi. Anatambasula chala n'kulemba pa ufa umene unamwazika patebulo, moggy, kenako n'kufufuta ndi chikhatho. Ndiye anakhala pa kampando kanga kosendera mbatatesi n'kundilongosolera. Anati kwawo kuli amphaka a mitundu iwiri. Alipo ogula, amene mwini wake amadziwa make, gogo wake, ngakhale gogo wa gogoyo, ndipo amawatsekera m'nyumba kuti asakakumane ndi amphaka wamba. Ndiye palinso ongobadwira kuseri kwa nyumba, osadziwika kuti bambo wawo ndani, ubweya wosakanikirana ngati nsalu ya zigamba. Amenewo ndiwo amogi. Ine ndinaseka mpaka misozi. Mphaka wodziwika agogo ake! Ndinati ndiye kuti amphaka onse a ku Mchinji kuno, kuyambira kwa Mavwere mpaka m'malire, ndi amogi okhaokha. Iwo anati eya, ndipo ndi amene amagwira makoswe, enawo amangogona.

Chimene anatsindika n'chakuti si liwu lotukwana. Anati ndi la m'nyumba, lonenera mphaka amene umamukonda koma sungadzitame naye kwa alendo. M'kalata ya ku ofesi sungalilembe, ndipo mwana akalilemba pa mayeso mphunzitsi amalidula ndi cholembera chofiira. Ndinadzionera ndekha kuti abishopu akabwera kudzadya, mphaka n'kulowa, asisiteriwo ankamutchula ndi liwu la kusukulu lija. Anandiuzanso kuti agogo awo, amene ankakhala kumudzi, ankaitana choncho mwana wa ng'ombe, ndiponso mkazi wotuluka panja tsitsi lili nyankhalala. Kamodzi ndinawamva akudzinena okha, atadziona pa galasi la zenera akuchokera kothandiza mayi wobereka, kansalu ka kumutu katapendekeka. Nthawi zonse ankalitchula motsitsa mawu, chala chikukanda kuseri kwa khutu la mphaka. Ndikunena zonsezi kuti pasapezeke wondikhululukira kuti mayiyu Chizungu sankachidziwa, anangophonya. Ndinkadziwa bwino lomwe mmene eni ake amalitchulira.

Kwathu tinabadwa anayi, akazi atatu ndi mwamuna mmodzi, amene anali woyamba. Achimwene athuwo ndiwo okha anapita patali ndi sukulu, n'kukhala aphunzitsi pa pulayimale ina kufupi ndi mishoni. Kumeneko anapeza mphunzitsi mnzawo, mkazi wa ku Rumphi, woonda, wolankhula pang'ono, wa nsapato zopukuta tsiku lililonse ngakhale nthawi ya matope. Kwawo kwa mkaziyo anati mwana wathu satengedwa chabe, pafunika ng'ombe. Ife zimenezo sitizidziwa. Kwathu mwamuna amabwera yekha ndi khasu lake kudzamanga nyumba kwa mkazi. Koma achimwene anali atatsimikiza, ndipo amayi, amene mwana wawo wamwamunayo sankamukaniza kanthu, anatsegula khola n'kutulutsa ng'ombe ziwiri zimene zinkatikokera ngolo. Chaka chimenecho chimanga chonse tinatuta pamutu, ine ndili ndi pakati. Pakamwa panga sipanatsekeke za ng'ombezo, ndipo pa ukwati pomwe ndinaziimbira nyimbo anthu n'kumaseka.

Tsono mumvetse mmene zinalili, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Munda amaupeza kwa make, womuyang'anira ndi mlongo wa make, ndipo ana a mwamuna timawakonda ndithu koma kwawo ndi kumene kunachokera mayi wawo. Kwawo kwa mlamu wangayo n'zotembenuza: ng'ombe zikangopita, ana onse ndi a kuchimuna. Ndiye mwana wamkazi atabadwa m'banja limeneli, ife tinavina, a ku Rumphi anatumiza nsalu ndi nyemba, ndipo mbali iliyonse inkasangalalira mwana amene mumtima inkati ndi wa enawo. Palibe anaziona, poti bambo wake anali moyo ndipo ankakhala m'nyumba ya sukulu, imene si ya kuchikazi kapena ya kuchimuna.

Mwanayo ndinkamukonda, musandimve molakwika. Akaweruka kusukulu ankabwera kukhichini kwanga asanapite kwawo, n'kukhala pakhomo lakuseri kudikira makoko a buledi. Kanali kowonda ngati make, ka mpata pa mano ngati bambo wake, ndipo tsitsi lake, ngakhale alipese bwanji mmawa, pofika masana linali litaimirira. Akalankhula mofulumira Chichewa ndi Chitumbuka zinkatulukira pamodzi. Amphaka aja ankamutsata ngati ali ndi usipa m'thumba, ndipo nthawi zina analidi nawo, atauba m'mbale yanga. Ankanditchula amayi a kukhichini. Ine ndinayamba kumutchula kamogi chifukwa cha tsitsilo, ndipo ankayankha akuseka. Anali mwana wofunsafunsa, moti tsiku lina anakawafunsa asisiteri tanthauzo lake, iwo n'kumulongosolera zonse ngati mmene anandilongosolera ine. Sanadandaule. Anangoti ndiye bola, poti amogi ndi amene amagwira makoswe. Make yekha ndiye sankazikonda. Anandiuzapo kamodzi, mwaulemu wake wopweteka uja, kuti alamu, mwanayu ali ndi dzina. Ndinati iii, kucheza chabe, inu aphunzitsi mumalemetsa zinthu.

Achimwene anamwalira mwanayo ali ndi zaka naini. Chifuwa chinawagwira nthawi yothyola fodya, milungu itatu yokha, basi. Tinawaika kumanda a kwathu pafupi ndi amayi, amene anali atatsogola kale. Mlamu anapitiriza kuphunzitsa ndipo anakhalabe m'nyumba ya sukulu ija ndi mwana wake.

Chaka chotsatira kunabwera lamulo lakuti aphunzitsi ochokera kumpoto abwerere kwawo. Tinamvera pa wailesi. Masiku amenewo munthu sunkafunsa kuti chifukwa chiyani. Ngakhale pachigayo unkayamba waonetsa khadi la chipani usanatule thumba, ndipo mawu unkayamba wacheuka usanawatulutse. Ena m'mudzi ankanong'ona kuti mwina akazi okwatiwa kuno awasiya, koma mlamu wanga anali wamasiye, ndipo pa mapepala ake panalembedwa Rumphi. Ahedi anamupatsa kalata yakuti lole ibwera kudzamutenga pakutha pa mlungu wotsatira.

Lamlungu titaweruka ku Misa anabwera kumudzi kwathu ndi mwana. Anavula nsapato zija, anamanga chitenje, n'kugwada pabwalo pamaso pa amalume, alongo awo a amayi, amene ankatiyang'anira ife ndi ana athu. Amalumewo anali nkhalamba yofatsa, yothawa mikangano, ndipo makutu anali atayamba kuwasiya. Ife akazi atatu tinakhala pa mphasa. Mwanayo tinamuuza kuti apite pakhonde akathandize ana anga kuswa mtedza, khonde lake loti ukatambasula mwendo pa mphasapo umaligunda.

Mlamu anatulutsa kalata ya bambo ake n'kutimasulira. Inkati iye abwere, pogona alipo, koma mwana ndi wa eni ng'ombe, ndipo kwawoko mwana wotere sakulira pakhomo la abale a make, anthu angaseke. Mlamu anati si kuti iye akumutaya mwanayo ayi. Kungoti sakudziwa sukulu imene akamuponye, mwina kumapiri kopanda nyumba ya mphunzitsi, ndipo pakhomo la bambo ake iye mwini akakhala ngati mlendo pakati pa akazi a alongo ake, nanga mwana akakhala chiyani? Kuno kuli manda a bambo wake, kuli sukulu imene akukhoza bwino, kuli anthu amene amawadziwa. Kenako anatembenukira kwa ine, akadali chogwada.

"Alamu, mwanayu amakukondani. Mulereni ndinu, akulire pamudzi pa bambo ake. Ine pa holide ndizibwera."

Amalume anakanda mutu, ananunkhiza fodya wawo, n'kunena kuti nkhaniyi ayankhe ndi amene azimuphikira. Azing'ono anga awiri anayang'ana pansi. Maso onse anatsalira pa ine.

Zifukwa ndinali nazo, ndipo kwa zaka zambiri ndinkazibwereza ngati mapemphero a korona. Mwamuna wanga anali atawolokera ku Zambia kukagwira ntchito pa esiteti ya fodya n'kuiwala njira yobwerera. Ndinali ndi ana aakazi atatu, ndipo munda wa amayi tinali titaugawana kale patatu, gawo langa loti ukaponya khasu limakagwera kwa mnzako. Mwana wamkazi ukamulera lero, mawa adzafuna pake polima, ndiye ndidzadule pa ana anga? Panalinso mantha, poti wapampando wa chipani m'mudzimo masiku amenewo ankaona nyumba iliyonse imene mwalowa munthu wa kumpoto. Zonsezo ndi zoona. Koma si zimene zinali pamtima panga tsiku lija. Pamtima panga panali ng'ombe ziwiri, ndiponso kukoma koona mkazi wophunzira uja, amene sanasenzepo dengu la chimanga chathu, ali m'fumbi kupempha kwa ine wa sitandade faivi. Kunandikomera, ndikuvomera.

Ndinati anapiye amatsata thadzi, satsata tambala, ndipo sindinamvepo kuti mwana wa mwamuna wapatsidwa munda pamudzi pano. Mlamu anayankha mofatsa kuti kwawo si choncho. Ndinati kwanu ndi kwanu, kuno ndi kuno, ndipo amene anadya ng'ombe zathu sangalephere mbale imodzi ya mdzukulu wawo. Apo mlamu anafunsa kuti ngati kuno si kwawo, ndipo ku Rumphi akuti si kwawo, ndiye mwanayu kwawo ndi kuti.

"Ndiye kuti ndi mogi ameneyu," ndinatero.

Amalume anaika dzanja kukhutu n'kufunsa kuti chimenecho n'chiyani. Apa ndiye pamandipweteka mpaka lero. Ndikanatha kunena kuti palibe kanthu amalume, ndi dzina locheza. Mpata unalipo, Mulungu anandipatsa ndithu. Koma ine ndi Chizungu changa! Ndinayamba kulongosola za amphaka a ku Mangalande, odziwika agogo awo ndi osadziwika, ndikuyang'ana mlamu kuti aone kuti nanenso ndimadziwa zinthu. Amalume sanamve. Anasendera pafupi n'kunena kuti ndikweze mawu. Ndipo ndinakweza, mmene timawakwezera powauza kuti chakudya chapsa.

"Mphaka wa kuseri kwa nyumba, amalume! Wopanda mwini wake! Aliyense amati ndi wa mnzake!"

Zakuti wopanda mwini asisiteri sananenepo. Zimenezo ndinawonjezera ndekha. Mwana wanga wotsiriza, amene anali wamng'ono kwambiri kuti amvetse, anaseka pakhonde paja. Mwana wa achimwene sanadzutse mutu. Anapitiriza kuswa mtedza, ndipo pabwalo panali zii moti ndinkamva kulira kwa makoko m'zala zake.

"Chabwino alamu, tamva," anatero mlamu.

Anadzuka, anasasa fumbi pa chitenje, anavala nsapato zake, n'kuitana mwanayo m'Chitumbuka. Mwanayo anakhuthulira m'lichero mtedza umene unali pa diresi lake, anagwada kwa amalume, n'kutsata make. Atapita, mng'ono wanga wina anati ndinalankhula moipa. Ndinamufunsa kuti nanga iwe bwanji sunamutenge, ndipo nkhani inathera pomwepo. Amati chibale n'fupa sichiola. Chathu chinaola tsiku limodzi, dzuwa lili paliwombo.

Tsiku la lole ndinapempha kuti ndichoke pang'ono pantchito. Ndinakazinga mtedza, ndinaphika mazira anayi, n'kukulunga m'pepala la shuga. Ndinapeza katundu atakweza kale, mipando miyendo ili m'mwamba, ndi mabanja ena awiri a aphunzitsi amene anawatenga ku masukulu ena. Anthu a m'mudzi ankaonerera chapatali, palibe wofuna kuoneka akutsanzika. Mwanayo anali atakhala pamwamba pa matiresi, tsitsi atalimanga ndi mpango wa make. Ndinakwezera phukusi lija m'mwamba. Ndinkayembekeza kuti mwina alira, mwina akana kulandira, ndipo zikanandipepukira. Koma anawerama n'kulandira ndi manja awiri.

"Zikomo, azakhali."

Sanayambe wanditchulapo choncho. Ndi liwu loyenera, ndine mlongo wa bambo ake, palibe akanamudzudzula. Lole inanyamuka, ine n'kubwerera kukaika nyemba pamoto.

Patapita masiku angapo asisiteri a ku Mangalande aja anandifunsa kuti bwanji mwana uja sakubweranso kudzaba usipa. Ndinati wapita ndi make kwawo. Anapukusa mutu, anati lamulo limeneli lalekanitsa anthu ambiri, ndipo ine ndinavomereza msangamsanga kuti zoonadi, lamuloli. Linandithandiza lamulo limenelo, kalanga ine, chifukwa aliyense ankaloza komweko, chamumtima, ndipo palibe ankaloza kwa ine. Ku kulapa ndinakanena kuti ndinalankhula mawu oipa kwa mwana. Wansembe anafunsa ngati ndinamutukwana kapena kumutemberera. Ndinati ayi, ndinangomutchula dzina la mphaka. Anandipatsa mapemphero ochepa oti ndinawamaliza ndisanafike pakhomo la tchalitchi.

Pa Khirisimasi mwanayo anandilembera kalata, kudzera ku adiresi ya mishoni. Inali yaifupi. Ankati ali bwino, kumeneko kumazizira, make boma linamutumiza kukaphunzitsa pa sukulu ya kutali ndipo iye akukhala kwa agogo ake, akugona ndi ana a amalume ake. Ankafunsa ngati mphaka wamawangamawanga uja anaswa. Za kubwera kuno sanatchule, za tsiku lija sanatchule. Ndinaiwerenga kangapo, n'kuiika m'buku langa la mapemphero kuti ndiyankha Lamlungu. Koma ndikagwira cholembera, ndiyambe ndi chiyani? Ndikalemba kuti bwera, ndiye ndadzitsutsa pamaso pa azing'ono anga. Ndikalemba za mphaka zokha, ndiye ndine munthu wanji? Komanso ndinkachita manyazi ndi malembedwe anga, poganiza kuti mlamu awaona. Taonani zinthu zimene munthu amatayira mwana! Chaka chinacho inabwera ina, yofupikirapo. Imeneyonso sindinayankhe, ndipo yachitatu sinabwere.

Zinapita zaka zinayi. Amalume anamwalira, asisiteri aja anabwerera kwawo chifukwa cha msana, ana anga awiri anakwatiwa, ndipo anthu anali atayamba kunong'onezana za zipani zambiri. Mmawa wina m'nyengo yozizira, mlembi wa parishi anandipatsa kalata imene anati yakhala m'bokosi kwa kanthawi, poti dzina langa linalembedwa molakwika ndipo sankadziwa mwini wake. Inachokera ku Rumphi, kwa mlongo wa mlamu wanga, munthu amene sindinamuonepo. Ankati mlongo wake anamwalira atadwala nthawi yaitali. Maliro atatha, abale anakhala pansi n'kugwirizana kuti mwana abwerere kwa eni ake, monga mwa mwambo. Anamukweza basi ya ku Lilongwe, anamupatsa ndalama yokwerera ina ya ku Mchinji, ndipo mwanayo anawatsimikizira kuti njira akuidziwa. Tsono ankadabwa kuti bwanji ife sitinalembe n'komwe kuti wafika bwino. Ndinayang'ana tsiku limene kalatayo inalembedwa, ndinawerengera ndi zimene ankanenazo, n'kupeza kuti papita miyezi iwiri chikwerereni basi.

Ndinasiya mapoto pamoto. Ndinathamangira kumudzi ngati wamisala, kufunsa azing'ono anga ngati kunabwera mtsikana aliyense. Ndinapita kusukulu kumene ankaphunzitsa bambo ake, ndinapita kumanda, ngati kuti ndikamupeza atakhala pamenepo miyezi iwiri. Palibe anamuona. Mawa lake ndinakwera basi yoyamba ya ku Lilongwe.

Pa depoti ndinazungulira tsiku lonse. Ndinafunsa amayi ogulitsa nthochi, ndinafunsa makondakitala a basi za kumpoto, ndinafunsa osesa. Onse ankandifunsa kuti ndi wooneka bwanji, ndipo ine ndinkati ndi kowonda, kakafupi chonchi, ndikuloza pachifuwa panga. Mayi wina wogulitsa mandasi anandifunsa zaka zake. Nditanena kuti folotini, anandiyang'ana n'kunena kuti mayi, ameneyo ndiye wakupitirirani kale msinkhu, inu mukufuna mwana wina. Zinali zoona. Ndinkafunafuna mwana wa zaka khumi, ndipo mtsikana amene anatsika basiyo akanatha kundidutsa pafupi osamuzindikira. Chithunzi chake ndinalibe. Mayiyo anati atsikana otsika basi okha amawaona tsiku lililonse. Ena amatengedwa ndi amayi ofuna antchito a m'nyumba, ena amatengedwa ndi anthu ena, ndipo sanafune kupitiriza. Anandilangiza kuti ndikaonane ndi wapolisi amene ankakhala m'kaofesi pafupi ndi chipata.

Wapolisiyo anali bambo wachikulire, waulemu. Anandipatsa benchi, anatsegula buku lalikulu, n'kufunsa dzina la mwanayo, zaka zake, ndi tsiku limene anakwera basi. Anafunsa kuti ine ndine ndani wake, ndinati mlongo wa bambo ake. Kenako anafunsa mudzi, mfumu ndi boma la mwanayo. Ndinatchula mudzi wathu, mfumu yathu, Mchinji. Zinatuluka zokha, mosavuta n'komwe, ndipo iye analemba. Anafunsa ngati mwanayo anakhalapo kumeneko, ngati njira akuidziwa, ngati anali ndi ndalama ya basi. Zonsezo ndinati eya. Anafunsanso ngati panali chilichonse chimene chikanamuletsa kubwera kunyumba. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti sindikudziwa. Anatseka bukulo.

"Ndiye musadandaule, mayi. Basi ya ku Mchinji imanyamuka pano tsiku lililonse. Mwana wodziwa kwawo satayika. Bwererani mukamudikire, afika."

Ndinathokoza, n'kukakwera basi yomweyo ndekha. Ulendo wake si wautali, munthu ukanyamuka masana umafika dzuwa lisanalowe. Ku Rumphi ndinalemba, anayankha kuti kumeneko sanabwerere. Papita zaka zoposa makumi atatu, ndipo ndikadali pamudzi pomwepo. Sanafike.